Sabata Lotsiriza Tisananyamuke: Kukonza Ulendo wa ku Luangwa

Lero tikamba za ulendo wopita kukaona nyama zakuthengo. Alendo ocokera ku maiko akutali akabwera kudzaona nyama zathu amati ali pa safari. Liu limeneli ndi la Ciswahili, ndipo tanthauzo lake ndi ulendo cabe. Motero musaganize kuti safari ndi ya alendo okha kapena ya anthu a ndalama zambiri. Kalasi lanu likakwera basi kupita ku Luangwa, nalonso liri pa safari, ndipo liyenera kukonzeka monga akonzekera mlendo wanzeru.

Tiyerekeze kuti ulendo wanu wayandikira. Munayamba kuukamba m'temu yoyamba, mwina ku kalabu yanu ya Chongololo. Makolo anagulitsa nshawa ndi nkhuku kuti mwana wao asatsale. Tsiku lasankhidwa, ndipo kwatsala sabata limodzi lokha. Ambiri amayesa kuti pamenepo nchito yatha, kwangotsala kukwera basi. Koma m'sabata lotsirizali ndi mmene ulendo umakomera kapena kuonongekera. Mfundo imene ndifuna kuti muigwire lero ndi iyi: pa ulendo wa kuthengo, cuma cacikulu ndi maola a dzuwa. Maola amenewa ndi owerengeka, ndipo muyenera kuwagawa pa pepala mukali kwanu. Mukayamba kuwagawa pa mseu, basi iri kuyenda, aliyense akufuula kumene afuna kupatukira, ndiye kuti mwacedwa.

Poyamba tidziwe kumene tikupita. Paki ya South Luangwa iri m'cigwa ca mtsinje wa Luangwa, ndipo kukula kwake ndi masikweya kilomita 9,050. Malowa anapatulidwa kukhala osungiramo nyama m'caka ca 1938, ndipo anasanduka paki ya dziko lonse m'caka ca 1972. Kumadzulo kwake kuli mapiri a Muchinga, kum'mawa kuli mtsinje. Geti imene alendo ambiri amalowera iri ku Mfuwe, m'boma la Mambwe, pa ulalo woolokera Luangwa. Kucokera ku Chipata kukafika pa geti imeneyi ndi makilomita pafupifupi 130, ndipo mseu wake ndi wa tala. Ocokera ku Lusaka ali ndi makilomita ena pafupifupi 570 a mseu wa Great East asanafike ku Chipata.

Chipata iri pamtunda, Mfuwe iri pansi m'cigwa. Pa ulendowu mumatsika mamita pafupifupi 500, ndipo cifukwa ca cimeneci kucigwa kumatentha kopambana kwanu. M'mwezi wa Okutobala kutentha kumapitirira madigiri 40, kumene kuli kobvuta kwa ana. Mvula ikayamba, ca m'Novembala kapena Disembala, njira zambiri za m'paki zimasanduka matope mpaka ca m'Epulo, ndipo nyama zimabalalika cifukwa madzi ali ponseponse. Nthawi yoyenera sukulu ndi ya cilimwe cisanafike poipa, kuyambira Juni mpaka kuciyambi kwa Sepitembala. Pamenepo udzu wauma, maiwe ang'onoang'ono aphwa, ndipo nyama zimasonkhana ku mtsinje kumene mungathe kuziona mosabvuta.

Tsopano tiwerenge maola. Geti ya paki imatsegulidwa 6 koloko m'mawa, ndipo oyenda pa galimoto yao ayenera kutuluka pofika 18 koloko. M'mwezi wa Ogasiti dzuwa limalowa 18 koloko isanakwane, ndipo mdima sucedwa kugwa. Misasa yambiri ya alendo iri m'mbali mwa mtsinje, kunja kwa paki, ndipo yambiri iribe mpanda. Kukada, njobvu zimaoloka mtsinje kudzadya pafupi ndi midzi, ndipo mvuu zimatuluka m'madzi kudzadya udzu. Kutsitsa ana 40 m'basi usiku pa malo otere, ali ndi tulo, osadziwa kumene kuli cimbudzi ndi kumene kuli mtsinje, ndiko kuika moyo wao pangozi. Cifukwa cake lamulo loyamba la ulendo ndi lakuti mufike pa msasa dzuwa likali pamwamba.

Njira yabwino ndiyo kuwerenga cobwerera m'mbuyo. Ana inu, tengani pensulo tiwerenge pamodzi. Tifuna kufika pa msasa 15 koloko, kuti pakhale nthawi yoyala mphasa, kupacika maneti ndi kuphika. Basi yodzaza ana, tiiyese kuti iyenda makilomita 50 pa ola limodzi. Makilomita 130 tikawagawa ndi 50, tipeza maola awiri ndi mphindi 36. Tionjezepo theka la ola lopumira pa njira, ndi ola limodzi la zakugwa mwadzidzidzi, monga kuphulika kwa tayala. Onse pamodzi ndi maola anai ndi mphindi zocepa. Tsono basi iyenera kucoka ku Chipata 11 koloko isanakwane. Ngati mwasonkhana pa sukulu 7 koloko, muli ndi maola osakwana anai m'manja mwanu, ndipo kupakira katundu ndi kugula zotsala kudzadyako ena. Otsalawo ndiwo okha amene mungagwiritse nchito popatuka.

Inu a ku Lusaka, werenganinso cimodzimodzi. Makilomita 570 pa liwiro la makilomita 60 pa ola ndi maola asanu ndi anai ndi theka, osawerengera kupuma. Mukaonjezapo njira ya ku Mfuwe, muona nokha kuti tsiku limodzi silikwana. Konzani malo ogona ku Chipata, ndipo mutsikire kucigwa m'mawa mwake.

Tifike pa nkhani imene imasokoneza maulendo ambiri, ndiyo ya kupatuka. Ulendo ukamveka, aliyense amakhala ndi malo ake amene afuna kuti kalasi likaone. Wina ati tikaone zojambula za m'mapanga, wina ati tikaone mwambo, winanso ati tidzere kwa amalume ake amene ali ndi dimba la nzimbe. Zonsezi ndi zokoma. Koma akulu anati, ici cakoma ici cakoma, pusi anagwa cagada. Malo alionse opatukirako muwayese ndi mafunso atatu. Kodi ali pa njira yathu? Kodi adzatidyera maola angati? Kodi kumeneko kuli munthu amene adziwa kuti tikubwera? Poyankha funso laciwirilo musaiwale kuti ana 40 kutsika m'basi, kupita kukadzithandiza, kukweranso ndi kuwerengedwa, theka la ola lapita musanaone kanthu.

Titenge citsanzo ca Katete. Kufupi ndi Katete kuli Mkaika, likulu la Kalonga Gawa Undi, kumene mwambo wa Kulamba umacitika Loweruka lotsiriza la mwezi wa Ogasiti. Acewa a m'Zambia, a ku Malawi ndi a ku Mozambique amasonkhana kumeneko, ndipo kumabvinidwa Gule Wamkulu, amene bungwe la UNESCO linamulengeza m'caka ca 2005 kuti ndi cuma ca anthu a dziko lonse lapansi. M'dera lomwelo muli thanthwe la Mkoma, lokhala ndi zojambula za anthu akale. Kwa sukulu yocokera ku Nyimba kapena ku Petauke, Katete ali pa njira. Koma kwa sukulu ya ku Chipata, Katete ali kumbuyo, makilomita oposa 80. Kupita ndi kubwerera ndi makilomita oposa 160, kupambana njira yonse ya ku Mfuwe. Ndiponso Kulamba ndi mwambo wa tsiku lathunthu, wa khamu lalikulu, mmene mwana angasowe mosabvuta. Mukafuna kuuona, upatseni tsiku lakelake. Mukauphatikiza ndi tsiku lotsikira kucigwa, mudzacoka mwambo uli pakati, ndipo ku Mfuwe mudzafika usiku. Mapanga awiri abvumbwitsa.

Citsanzo ca kupatuka kosadya nthawi ndi ulalo wa Luangwa, pa mseu wa Great East, umene unatsegulidwa m'caka ca 1968. Ocokera ku Lusaka sangafike ku Chipata osauoloka. Pafupi nao pali msika wa nsomba zouma ndi madengu, pamene mabasi amaima kale. Aphunzitsi, pamenepo auzeni ana kuti madzi amene akuwaona adzera ku Mfuwe kumene akupita, ndipo ali pa ulendo wokathira mu Zambezi. Phunziro limeneli lifuna mphindi 20 zokha. Kumbukirani kuti ulalowu uli ndi alonda, ndipo musajambule cithunzi musanapemphe.

Mukafika ku Mfuwe, maola a tsiku salingana mtengo. Nyama zimayenda ndi kudya m'mamawa ndi madzulo. Dzuwa likafika pamutu zimabisala m'mithunzi, ndipo mungayende ola lathunthu osaona zambiri. Motero maola a 6 koloko mpaka 10 koloko, ndi a 15 koloko mpaka 18 koloko, ndi a golide, ndipo muwasungire paki yokha. Maola a pakati pa tsiku ndiwo olipirira kupatuka. Amene agona mpaka 8 koloko, nadikira tiyi, nalowa m'paki 10 koloko, walipira ndalama zonse koma waphonya cimene anabwerera.

Kodi pa maola a masanawo mungapite kuti? Kufupi ndi Mfuwe kuli malo ophunzitsira ana za cilengedwe a bungwe la Chipembele, amene anatsegulidwa m'caka ca 2001. Nchito yao yaikulu ndi ya ana a sukulu za m'deralo, cotero muyenera kuwalembera kale ndi kumva ngati angakulandireni pa tsiku lanu. Mungathenso kupangana ndi sukulu ina ya kumeneko kuti ana aonane. Eni dziko la Mfuwe ndi Akunda, ndipo ana ao amakhala moyandikana ndi nyama zimene inu mwalipira ndalama kuti mukazione. Afunseni mmene amapitira ku sukulu njobvu zikaima pa njira, ndi mmene makolo ao amachinjirizira minda ndi tsabola wowawa. Mudzaphunzira kuti njobvu imene ikusangalatsani inu ingathe kudya m'usiku umodzi cimanga cimene banja linalima dzinja lonse. Mukalowa m'mudzi, yambani mwaonekera kwa anyakwawa, bvulani zipewa, perekani moni mwaulemu, ndipo musajambule munthu osamupempha.

Kumpoto kwa Mfuwe kuli cigawo ca paki cochedwa Nsefu, cimene ciri kutsidya la kum'mawa kwa mtsinje. Cigawo cimeneci ciri ndi mbiri. Ca m'caka ca 1950, Norman Carr, amene anali woyang'anira nyama, anagwirizana ndi Mfumu Nsefu kuti mbali ya dziko lake ipatulidwe, alendo azibwera kudzaona nyama, ndipo ndalama zake zizithandiza anthu a mfumuyo. Kumeneko kulinso kasupe wa madzi otentha a mcere, kumene mbalame zambiri zimasonkhana. Koma njira yake ndi ya fumbi, yoyendeka bwino m'cilimwe cokha, ndipo ifuna galimoto yolimba ndi theka la tsiku. Pa ulendo wa masiku atatu, Nsefu sangalowe popanda kucotsapo cina. Sankhani mukali kwanu.

Pali zinthu ziwiri zimene ana amamva kwa anzao, nayamba kuzilakalaka. Coyamba ndi kuyenda pansi m'thengo, kumene Norman Carr yemweyo anakuyambitsa m'cigwa ca Luangwa. Oyenda pansi amapita m'kagulu kocepa, motsogozedwa ndi wodziwa thengo ndi msilikali wa nyama wokhala ndi mfuti, ndipo kawirikawiri ana osakwana zaka 12 saloledwa. Caciwiri ndi kuyenda usiku ndi nyali yowala, kufunafuna nyalugwe ndi afisi, mpaka 20 koloko. Kumeneku kumaloledwa pa magalimoto a otsogolera alendo okhala ndi cilolezo okha, ndipo mtengo wake ndi wapadera. Aphunzitsi, musalonjeze ana zinthu zimenezi musanafunse ndi kuwerenga ndalama. Lonjezo losakwaniritsidwa limawawa mwana kopambana cinthu cimene sanacimvepo.

Maola tagawa. Tsopano tione makalata, pakuti ulendo wa sukulu umayenda ndi mapepala. Ofesi ya maphunziro ya pa boma iyenera kubvomereza ulendowo, ndipo kalata yake ikhale m'cikwama ca mphunzitsi wotsogolera. Kholo lirilonse lisaine kalata yolola mwana wake, lilembepo nambala ya lamya, ndiponso linene ngati mwanayo ali ndi matenda monga mphumu kapena khunyu, kapena ngati pali cakudya cimene cimamudwalitsa. Mapaki athu amayang'aniridwa ndi cigawo ca boma ca Department of National Parks and Wildlife, cimene cinalowa m'malo mwa ZAWA m'caka ca 2016. Lemberani ofesi yao ya ku Mfuwe, muwauze tsiku ndi ciwerengero canu, ndipo mufunse mtengo wolowera. Nzika za Zambia zimalipira ndalama zocepa kuyerekeza ndi alendo akunja, cotero akulu onse anyamule zitupa zao za NRC, ndipo maina a ana alembedwe pa pepala lokhala ndi cidindo ca sukulu.

Kwa eni msasa nenani momveka: anyamata angati, atsikana angati, aphunzitsi aamuna ndi aakazi angati, ndi ophika angati. Pa ulendo wokhala ndi atsikana payenera kukhala mphunzitsi wamkazi wogona nao pamodzi. Musaiwale woyendetsa basi, amene afunanso pogona ndi cakudya, pakuti woyendetsa wosagona bwino ndi ngozi kwa onse. Funsani ngati madzi akumwa alipo, ngati nkhuni ndi mapoto mudzazipeza komweko, ndi ngati pali mlonda wa usiku. Safunsa anadya phula. Ndipo kutatsala masiku atatu, imbaninso lamya kwa onsewa, a msasa, a paki ndi a basi, kuti mutsimikize. Kalata imene munatumiza mwezi watha ingakhale inalandiridwa ndi munthu amene tsopano ali pa chuti. Lembani dzina la amene wakuyankhani, tsiku, ndi mtengo umene wachula.

Basi muione ndi maso anu tsiku lonyamuka lisanafike. Yang'anani matayala, tayala lapadera, jeke, ndi mapepala a inshuwalansi ndi a kuyenera kwa galimoto pa mseu, monga afunira a RTSA. Mwana aliyense akhale ndi mpando wake. Mafuta mudzaze ku Chipata. Funso lina limene ambiri amaliiwala ndi ili: kodi m'paki mudzayenda pa ciani? Njira zambiri za m'katimo ndi zopapatiza, za mcenga, ndi za nthambi zolendewera, zosayenera basi yaikulu. Ngati mudzakwera magalimoto a otsogolera alendo, dziwani kuti imodzi imanyamula anthu ocepa. Gawani ana m'magulu mukali ku sukulu, gulu lirilonse ndi mphunzitsi wake, kuti pasakhale kulimbirana pa geti nthawi ya golide iri kutha.

Za ndalama ndinene mwacidule. Ndalama zimenezi ndi thukuta la makolo. Mphunzitsi mmodzi azisunge, wina azilemba zonse zotuluka, ndipo lisiti lirilonse lisungidwe. Patulani gawo limodzi mwa magawo khumi, losakhudzidwa, la tayala, la mankhwala, kapena la kugona usiku wina ngati basi yaonongeka. Gawo limeneli lisalipire kupatuka kumene kwaganizidwa pa njira. Mukabwerako, werengerani makolo zonse pa msonkhano. Mukatero, caka camawa adzasonkhanso ndi mtima wonse.

Tikambe za thanzi. Kucigwa kuli udzudzu wa malungo, cotero mwana aliyense agone m'neti, ndipo madzulo abvale zofika m'mikono ndi m'miyendo. Kulinso nchenche za kashembe, zimene zimaluma mopweteka ndipo zina zimapatsa matenda a kaodzera. Nchenche zimenezi zimakopeka ndi mtundu wakuda ndi wabuluu wodera. Ngati yunifolomu ya sukulu yanu ndi ya mitundu imeneyi, ana abvale zobvala zina za khaki, zotuwa kapena zobiriwira. Mwana akatentha thupi atabwerako, ngakhale patapita masabata awiri kapena atatu, apite msanga ku cipatala, ndipo makolo anene kuti anali ku Luangwa. Aliyense akhale ndi botolo lake la madzi, amwe kawirikawiri asanamve ludzu. Aphunzitsi anyamule bokosi la cithandizo coyamba, ndipo afunsiretu kumene kuli kiliniki yapafupi ndi msasa.

Katundu wa mwana akhale wocepa, wokwana m'cola cimodzi cimene iye mwini angathe kunyamula. Muikemo cipewa ca dzuwa, nsapato zotseka, bulangeti, mbale ndi kapu, sopo, toci, kabuku ndi pensulo. Musasiye juzi poganiza kuti kucigwa kumangotentha. M'miyezi ya Juni ndi Julayi, pa galimoto yosatseka m'mbandakuca, mphepo imalowa mpaka m'mafupa. Cakudya conse cisungidwe pamalo amodzi otsekeka. Anyani ndi apusi a pa misasa anazolowera kuba, ndipo njobvu imamva fungo la zipatso iri kutali. Mwana wobisa lalanje pansi pa mtsamiro waitana mlendo amene sangathe kumubweza.

Malamulo a m'thengo muwaphunzitse m'kalasi sabata lino, ana akali ndi makutu, pakuti akaona njobvu yoyamba sadzamvanso mau anu. M'paki palibe kutsika pa galimoto kufikira wotsogolera atanena. Palibe kuimirira, kufuula, kapena kutulutsa mkono pafupi ndi nyama. Palibe kupatsa nyama cakudya, kutaya mapepala, kapena kutola fupa, nyanga ndi dzino. Pa msasa palibe kuyenda wekha kukada, ngakhale kupita ku cimbudzi: dzutsa mphunzitsi, tenga toci. Ndipo lamulo loposa onse ndi la mtsinje. M'cilimwe Luangwa amaoneka wosaya, wa mcenga woyera, wokopa mwana kuti akasambe m'mapazi. M'madzi amenewo muli ng'ona ndi mvuu zambirimbiri. Palibe kusamba, kutunga, kapena kuima m'mphepete mwa gombe, limene lingagumuke pansi pa mapazi anu. Aphunzitsi, werengani ana ndi maina pokwera ndi potsika paliponse.

Cotsiriza kukonza ndi mtima. Thengo si khola, ndipo palibe amene angakulonjezeni mkango. Koma pali zimene muyenera kuziyang'anira. Nyamalikiti wa mtundu wa Thornicroft sapezeka kwina kulikonse pa dziko lapansi koma m'cigwa ca Luangwa. Mbidzi za kumeneko, za mtundu wa Crawshay, ziri ndi mizere yopyapyala yofika mpaka ku ziboda. M'paki muli mitundu ya mbalame yoposa 400, pamodzi ndi nkhwazi imene iri pa mbendera yathu. Onaninso mitengo: mlambe, mvunguti wa zipatso zolendewera, mcenja, ndi mtondo umene njobvu zimakonda zipatso zake. Onani mathamanda okhota ngati uta, amene ndi njira zakale za mtsinje zimene unazisiya posintha khwawa lake.

Nyama imodzi simudzaiona ku South Luangwa, ndiyo cipembere. Kale zinalimo zambiri, koma opha nyama mosaloledwa anazitha m'zaka za m'ma 1970 ndi 1980 cifukwa ca nyanga zake, ndipo m'caka ca 1998 kunalengezedwa kuti cipembere cakuda catha m'Zambia. M'caka ca 2003 zina zinabweretsedwa kucokera ku South Africa ndi kuikidwa m'paki ya North Luangwa, kumene zimalondedwa usana ndi usiku. Mukayenda m'thengo lopanda cipembere, kumbukirani kuti zimene mukuziona nazonso zingathe ngati sitizisamala, ndipo ana anu angadzazimve m'nthano cabe.

Tsono pepala lanu la ulendo lingaoneke motere. Tsiku loyamba, kunyamuka m'mawa, kupuma kamodzi, kufika pa msasa 15 koloko. Tsiku laciwiri, kuima pa geti 6 koloko, kutuluka 10 koloko, masana kuceza kumodzi kumene munapangana kale, ndi kulowanso m'paki 15 koloko. Tsiku lacitatu, kulowa m'paki m'mamawa ngati ndalama zilola, ndi kunyamuka masana asanakwane, kuti makolo alandire ana ao kukali kowala. Pepala limeneli lilembedwe katatu: limodzi kwa mphunzitsi wamkulu amene watsala pa sukulu, lina kwa woyendetsa basi, lina kwa wotsogolera ulendo. Munthu akadza ndi ganizo latsopano pa njira, muonetseni pepalalo, ndipo mumufunse kuti ola lake licokera pati.

Ana inu, nayi nchito yanu ya sabata lino. Jambulani mapu a njira yocokera pa sukulu yanu kukafika ku Mfuwe, ndipo mulembepo makilomita. Werengani nthawi yonyamukira ngati mufuna kufika 15 koloko. Kenaka sankhani malo awiri opatukirako, muwayese ndi mafunso atatu aja, ndipo muuze aphunzitsi anu amene apambana ndi cifukwa cake. Inu amene Luangwa ali kutali nanu, citani cimodzimodzi ndi paki imene muli nayo pafupi, kaya ndi Kafue, Mosi-oa-Tunya, kapena paki ya Lusaka imene inatsegulidwa m'caka ca 2015. Kawerengedwe kake ndi komweko, pakuti dzuwa limalowa kulikonse.

Kwa lero tilekeze pamenepa. Amene muli pafupi kunyamuka, muyende bwino, mukafike dzuwa likali pamwamba, ndipo mukabwerako mudzasimbire anzanu zimene mwaona. Tsalani bwino nonse.